Mfundo ya Epuloni

"Taimani bwino, alamu. Mukungoyendayenda ngati nkhuku yofuna kuikira."

Amenewo anali a Zenzi, mlongo wa malemu amuna anga a Alois, ataima kumbuyo kwanga m'khitchini, zingwe za epuloni yanga zili m'manja mwawo. Chiyambireni kuvuta phewa langa, mkono wanga sufika kumsana. Ndiye pa zaka zitatu za umasiye wanga, tsiku lililonse lovala dirndl, diresi la makolo athu lokhala ndi epuloni, kaya n'kutchalitchi kaya ku ukwati, mfundo ankandimangira ndi a Zenzi. Kwathu kuno ngakhale mwana wa sukulu ya mkaka amadziwa kuwerenga mfundo ya epuloni: ikakhala kumanzere mkazi alibe mwamuna, kumanja ali ndi mwini wake, kumbuyo ndi wamasiye. Ya a Zenzi yakhala kumanzere kuyambira ali namwali mpaka lero ali ndi zaka 71, ndipo palibe mwamuna analimbapo mtima kuwafunsa chifukwa chake.

M'mawa umenewo ndinali nditakonzeka kunena mawu anayi okha: "Lero ndimanga ndekha, alamu." Yakutsogolo ndimatha kumanga, sifuna phewa. Mawuwo ndinawayeseza masiku angapo, potsuka mbale, popalira m'dimba. Koma nditatembenuka n'kuona mphuno ya a Zenzi, imene ili ndendende ya a Alois, mawu aja anabwerera kukhosi. Iwo anandiyang'ana kanthawi ngati akudikira china chake, kenako anandizungulitsa, n'kukoka zingwe mpaka mpweya unandithera. Anamanga, n'kumanganso kachiwiri pamwamba pake, zimene sanachitepo n'kale lonse.

"Yathina," ndinatero.

"Kumeneko kuli anthu ambiri. Ingamasuke."

Nkhani yake inayambira kumanda. M'chilimwe madzulo aliwonse ndimakathirira maluwa pamanda a amuna anga, ndipo mizere iwiri kutsogolo kwake a Quirin amathirira pamanda a akazi awo. A Quirin ankagwira ntchito ya positi, pano amaweta njuchi. Ndi munthu woti moni weniweniyu amautulutsa ngati akulipira msonkho. Chaka choyamba ankangondivulira chipewa. Chachiwiri anayamba kunditungira madzi chifukwa cha phewa lija. Chaka chino botolo la uchi linayamba kupezeka pambali pa keni yanga yothirira, ndipo ine, mkazi wa zaka 64, ndinayamba kupesa tsitsi popita kumanda. Sindichita manyazi kunena, bambowo ndinkawafuna.

Lachinayi lapitalo anatula keni pansi n'kuyang'ana nsapato zawo.

"Mayi Burgl, ine mawu sindiwatha," anatero. "Ndikudziwa kuti chaka chilichonse mumapita ku Wiesn, ku chikondwerero cha mowa ku Munich, Lachiwiri lotchipa lija. Ine ndikakhala pamasitepe a chiboliboli cha Bavaria kuyambira wani koloko mpaka hafu pasiti wani. Musakanene kanthu, mukangodutsa. Mfundo ikakhala kumanja, nditsika. Ikakhala kumbuyo, ndimva, sindidzakuvutitsaninso. Kumanda kuno ndizibwera m'mawa."

A Quirin ndimawadziwa. Akati m'mawa, ndi m'mawa mpaka tsiku lodzawanyamula.

Ndiye ndinatuluka m'nyumba mfundo ili kumbuyo, ndikudzitonthoza kuti ku Munich ndikapeza wondimasula. Pa anthu masauzande ambirimbiri aja, munthu ungasowe zala khumi?

Ulendo wa ku chikondwerero cha mowa ndi a Zenzi uli ndi malamulo ake, chifukwa m'mudzi mwathu monse mulibe kaligwiritsa wowaposa. Timapita Lachiwiri chifukwa zokwerakwera zimatsika mtengo, ngakhale sitikwera chilichonse. Tikiti amagula ya gulu, imene siyamba kugwira ntchito naini koloko isanakwane, koma pasiteshoni timafika hafu pasiti eyiti kuti tikaime n'kumaonerera sitima yopanda anthu ikutisiya. Pachipata cha Wiesn salola zikwama zazikulu, ndiye chakudya amachigawa pathupi. Buledi ndi tchizi zinalowa m'kachikwama kanga, radishi yodulira kunyumba m'kawo, mchere m'kabokosi ka machesi, mazira owiritsa m'matumba a siketi. Ndinawaona akuika mazira atatu.

"Atatu? Kodi lero ndi Khirisimasi?"

"Lina likhoza kusweka," anayankha osandiyang'ana.

Sitima yathu inafika itadzaza kale. Anyamata a makabudula achikopa anali atayamba kumwa dzuwa lisanakwere, akuimba nyimbo imodzimodzi. A Zenzi anakulira pafamu, akuitana ng'ombe kuchokera tsidya la dambo, ndipo mawu awo sanadziwe kuti ng'ombezo zinagulitsidwa kalekale.

"Iwe wa kabudula wogula dzulo! Miyendo yako idakali yatsopano, taimirira. Ndi mnzakoyo!"

Ngolo yonse inangoti zii, anyamata awiri n'kudumpha ngati akhalira singano. Ine ndinkafuna kulowa pansi. Tinakhala, mfundo ija ikundibaya pamsana ngati mwala. Ndinayesa kuikhuza kumpando mwina ingafewe, a Zenzi n'kundifunsa ngati ndalumidwa ndi utitiri. Titadutsa Landshut sitima inaima pakati pa minda ya chimanga popanda wonena chifukwa chake, ndipo inaima mphindi makumi awiri. Wotchi ndinaiyang'ana mpaka ndinaitembenuzira mkati mwa dzanja kuti a Zenzi asaone. Mtima unali dyokodyoko, miyendo ikungosinthana yokha.

"Mowa suthawa, alamu," anatero. "Anafulula wambiri."

Kuchokera pasiteshoni ya ku Munich tinayenda pansi, kutsatira chikhamu. Tikulowa pachipata, nthawi inali ikuthamangira thwelofu. Fungo la nkhuku zootcha ndi mtedza wokazinga m'shuga linatilandira, malipenga akulira tenti iliyonse nyimbo yakeyake, ana akukuwa m'mwamba pa zokwerakwera. Kumapeto kwa msewu ndinaona mutu wa chiboliboli chija, dzanja lake lili m'mwamba.

M'kati mwa tenti a Zenzi salowa, chifukwa m'menemo ukafuna kudya ugule nkhuku yawo. Pamabenchi apanja m'pamene amalola munthu kudya chake. Koma aliyense wa matumba opepuka amadziwa zimenezo, ndipo ku Wiesn wopanda pokhala sapatsidwa mowa ngakhale alire. Tinazungulira tenti yoyamba, panalibe malo. Yachiwiri, chimodzimodzi. A Zenzi ankaima patebulo lililonse n'kumayang'ana m'makapu mwa eni ake kuti aone amene watsala pang'ono kumaliza. Pa tenti yachitatu anaima pamutu pa bambo wina wa ndevu mpaka bamboyo anagugudiza mowa wake n'kukoka mkazi wake kuti azipita. Tinakhala nthawi itapitirira thwelofu ndi mphindi makumi awiri.

Woperekera mowa anabwera makapu khumi ali pachifuwa, nkhope ili psuu.

"Angati?"

"Imodzi."

"Anthu awiri, kapu imodzi?"

"Pakamwa tili napo pawiri, mwana wanga, koma penshoni ndi imodzi ndi theka."

Mayiyo anaseka mosafuna, n'kutula chikapu cha lita pakati pathu. A Zenzi anavula jekete lawo n'kuliyala pabenchi pambali pawo, ndipo aliyense wofuna kukhalapo ankamuuza kuti pali munthu. Ine ndinati ndi dyera lawo la masiku onse, kufuna malo a chigongono. Anayala mpango patebulo, n'kusanja buledi, tchizi ndi radishi mwadongosolo ngati pa guwa la kutchalitchi. Ndinapsontha mowa kawiri, osamva kukoma kwake.

"Ndikupita kuchimbudzi," ndinatero.

"Mwangomwa kawiri."

"Chikhodzodzo ndi changa, alamu."

Anandiyang'ana monga anachitira m'khitchini muja. "Pitani. Muyende bwino."

Mzere wa kuchimbudzi cha amayi unali utakhota kawiri. Ine chimbudzi sindinkachifuna, ndinkafuna zala. Kutsogolo kwanga kunali mtsikana wa dziko lina, atavala kadirndl kofika m'ntchafu konyezimira ngati pepala la maswiti. Ndinamugwira pamkono n'kumulozera kumsana kwanga. Iye anasekerera, n'kundikumbatira, n'kutijambula ndi foni. Ndinati ayi, mfundo, mfundo, ndikusonyeza ndi manja. Atamvetsa anakuwa mwachimwemwe, n'kugwira chingwe chimene chinali pafupi, n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Ndinamva nthiti zikulankhula. Mfundo imene inali ngati mwala tsopano inasanduka mtedza.

Mayi amene anali kumbuyo kwanga, wa konkuno, wa msinkhu wanga, anaona zonse.

"Ana a masiku ano! Tabwerani kuno, mayi, ndione." Anawerama, n'kuyamba kutokosa ndi zikhadabo. "Pepani. Anatisiya liti bambowo?"

"Zaka zitatu."

"Anga zisanu ndi ziwiri. Ndiye mukufuna kuimasula chifukwa yathina, kapena...?"

"Yathina."

"Eee, yathina," anatero moseka. "Inenso yanga inathinapo chaka china, koma munthu wake anali ndi mkazi ku Passau. Koma amene wamanga izi amamanga ng'ombe kapena? Mayo, chikhadabo changa!"

Chitseko cha chimbudzi chinatseguka, mzere unasuntha, ndipo mayiyo anati pepani, iye zake zafika pakhomo. Ndinapita kwa mayi wosamalira zimbudzi kukapempha sizasi. Epuloniyo ndi ya silika wabuluu, anandisiyira mayi anga, koma nthawi imeneyo ndikanaidula osaphethira. Mayi wa zimbudziyo anandiuza kuti zakuthwa salola pabwalo lonse, n'kundilozera mbale yake ya makobidi ngakhale sindinalowe. Potuluka, bambo wina woledzera anandikoka siketi.

"Mayi, atatu kuno! Ndi theka la nkhuku!"

Paja operekera mowa nawonso amamanga kumbuyo.

"Ndikuoneka ngati wantchito wako ine? Chotsa dzanja ndisanaliike m'kapumo!"

Anzake anawomba m'manja. Ine ndinayang'ana wotchi: inali itapitirira wani koloko ndi mphindi khumi. Ndinaganiza zongopita. Ndikawafika pafupi a Quirin, ndikawagwira jekete, ndikawauza ndi pakamwa. Anati ndisanene kanthu, koma malamulo a amuna amanyazi si Malamulo Khumi.

Kunena n'kosavuta. Msewu waukulu unali utatsekedwa ndi akavalo a kampani yofulula mowa, zimphona zinayi zokoka ngolo ya migolo yokongoletsedwa ndi maluwa, ndipo dziko lonse linali litaima kuti lijambule. Ndinayesa kumanzere, kunali mayi wa ana atatu ndi ngolo yake ya khanda. Ndinayesa kumanja, kunali gulu la azibambo ogwirana m'mapewa. Ndinapondedwa kawiri, wina ananditayira mowa pamkono, kavalo mmodzi n'kusiya katundu wake pomwe ndinkafuna kuwolokera. Ndinalumpha ngati mtsikana, phewa likundikumbutsa zaka zanga. Mumtima ndinkatukwana a Zenzi, ndinkatukwana a Quirin ndi nzeru zawo za njuchi, ndipo koposa onse ndinkadzitukwana ndekha chifukwa cha mawu anayi aja.

A Quirin ndinawaona ndili patali. Anaima pasitepe ya pakati, atavala jekete lawo lotuwa la pa maliro ndi pa maukwati, chipewa cha kanthenga chili pamutu, kathumba ka pepala kali m'manja. Anali atameta ndevu mpaka kudzicheka. Maso awo sankayang'ana nkhope za anthu, ankayang'ana m'chiuno mwa mkazi aliyense wodutsa, ndipo wina wosawadziwa akanawaitanira apolisi.

Ndinachita zopusa. Ndinakwinya nsalu ya epuloni kumanja n'kuigwira ndi dzanja kuti patali ioneke ngati mfundo. Ndinayenda chonchi, chammbali ngati nkhanu. Kunatsala mayadi makumi atatu pamene anandiona. Anatsika sitepe imodzi, akutsinzinira kuti aone bwino. Nthawi yomweyo mzere wa achinyamata ovina unatulukira, wina n'kundikola mkono, n'kundizungulitsa kawiri akuimba. Atandisiya, dzanja langa linali litachoka pa epuloni, ndipo msana wanga unali utaloza masitepe.

Nditatembenuka, a Quirin anali atavula chipewa. Anandivulira mwaulemu, monga ankachitira chaka choyamba chija, n'kuchivalanso, n'kuyamba kukwera masitepe. Sanathamange. Anakwera ngati munthu wa positi amene wapeza pakhomo palibe eni ake.

"A Quirin!"

Mawu anga ndi a mkazi amene wakhala zaka makumi anayi m'nyumba imodzi ndi a Zenzi. Sanaphunzire kukula. Malipenga anawameza, ndipo ngakhale munthu amene anali pambali panga sanatembenuke. Ndinayesa kukankha anthu, koma sanasunthe. Ndinaima pamenepo, fungo la mowa lili pamkono, ndikuona jekete lotuwa likuchepa, ndipo ndinalira. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira pa tsiku lokumbukira a Alois chaka chino, ndipo zimenezo zinandichititsa manyazi n'kundiliritsanso.

"Tasunthani."

Anali a Zenzi kumbuyo kwanga, jekete lili paphewa, mpango wa chakudya uli m'manja. Chinthu choyamba chimene chinabwera m'mutu mwanga chinali chopusa.

"Alamu, mwasiya malo? Nanga mowa?"

"Ndati sunthani."

Anandikankhira pambali, n'kukoka mpweya mpaka mabatani a dirndl anadandaula.

"Quirin Haslbeck! Ima pomwepo!"

Nkhunda zinauluka pamutu pa chiboliboli. Anthu onse a pamasitepe anatembenuka, ndipo woledzera wina amene anagona paudzu anadzuka n'kuima njo. Pamwamba penipeni, jekete lotuwa linaima, mwendo umodzi uli m'malere.

"Usasunthe! Tili pa ntchito kuno!"

Anandizungulitsa n'kuyamba kulimbana ndi mfundo. Ndinkamva zala zawo zopindika ndi nyamakazi zikuterereka pa silika, iwo akupumira m'mwamba.

"Ndani wakoka izi?"

"Mtsikana wina. Alamu, munadziwa bwanji?"

"Kuseri kwa mpanda wa kumanda kuli mpopi. Lachinayi ndinali pamenepo. Mano anandithera, koma makutu alipo."

"Ndiye bwanji munamanga kawiri?"

Zala zinaima. Kenako zinayambanso, mwaukali.

"Chifukwa munandiyang'ana m'maso n'kukhala chete. Lachisanu ndinadikira kuti munena. Loweruka ndinadikira. Lero m'khitchini ndinakupatsani mpata, inu n'kunditembenuzira msana ngati ndine wantchito. Zaka makumi anayi, alamu! Mlongo wanga tinamusambitsa awiri pamene ankalephera kudzuka. Ndiye lero mukundiona ngati galu wolondera manda ake?"

"Ndinkaopa kuti mukhumudwa."

"Ndakhumudwa kumene! Ndani wakuuzani kuti sindinakhumudwe? Taimani bwino."

Anazula chipini m'tsitsi lawo n'kuchilowetsa mu mfundo. Anthu anali atayamba kutizungulira, ena akupereka malangizo, ndipo mayi wina anati tithire mowa ifewe. A Zenzi anamuuza kuti athire wake. Ndinkayang'ana pamwamba pa masitepe. A Quirin anali ataima pomwepo ngati mwana wa sukulu wopatsidwa chilango, kathumba kawo atakagwira ndi manja awiri.

"Inu ndi iyeyo ndinu amodzi," a Zenzi anapitiriza, chipini chili m'ntchito. "Mbewa ya manyazi inafera kudzenje, ndiye apa zakumana ziwiri. Munthu wamkulu ndevu pepeya kufunsira mkazi ndi chingwe cha epuloni! Mlongo wanga anali ndi zolakwa zake, koma iye anabwera pakhomo panu n'kugogoda."

Chipini chinapindika. Anatukwana mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo, n'kuwerama, n'kuluma mfundoyo ndi mano oikirira. Ndinamva kutentha kwa mpweya wawo pamsana. Kenako mwadzidzidzi m'chiuno munamasuka, mpweya unalowa mpaka pansi, ndipo anthu otizungulira anakuwa ngati timu yagoletsa.

A Zenzi anadzuka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana. Anapisa m'kachikwama n'kutulutsa tikiti ya sitima, n'kundiika m'manja.

"Sungani inu. Ine maso akuvuta."

Pa tikiti ya gulu mumalembapo maina a okwera. Panali dzina lawo, langa, ndipo pamzere wachitatu, ndi zilembo zawo zosongoka za kusukulu ya asisitere, panali dzina la a Quirin. Munthu wachitatu amalipiritsa padera. A Zenzi, amene amachapa mapepala okulungira tchizi kuti agwirenso ntchito, anali atalipira m'mawa uja, asanadziwe ngati ndidzatsegula pakamwa. Ndinakumbukira dzira lachitatu ndi jekete pabenchi.

"Alamu..."

"Musayambe. Iyeyo ali ndi tikiti yake, ndikudziwa, ndalama zalowa m'madzi. Koma ndinati asakakhale ngolo ina ngati mlendo."

Anazunguliza zingwe ziwiri zija kumbuyo, n'kuzibweretsa kutsogolo, n'kuzisalaza ndi chikhatho pamene zinakwinyika. Ndinadikira kuti amange monga mwa masiku onse. M'malo mwake anandiika zingwezo m'manja.

"Mangani. Yakutsogolo sifuna munthu."

Ndinamanga kumanja. Mfundo inatuluka yopendekeka, khutu limodzi lalitali, lina lalifupi. A Zenzi anaiyang'ana, dzanja lawo linanyamuka kuti likonze, kenako linabwerera. Pamwamba paja a Quirin anayamba kutsika, sitepe imodzi imodzi, atagwira chitsulo cha m'mbali. Atafika, maso awo anali pa mfundoyo basi. Anandipatsa kathumba kaja. Munali mkate wouma wooneka ngati mtima, wa mtundu waung'ono kwambiri umene amagulitsa pa Wiesn, wopanda mawu aliwonse olembedwapo.

"Olembedwa aja amanena zambiri," anatero.

"Ndiponso ndi odula," anatero a Zenzi. "Mwachita bwino." Anapisa m'thumba la siketi n'kutulutsa dzira lophwanyika mbali imodzi, n'kuwapatsa. "Landirani. Mchere uli ndi alamu anga. Sitima ndi ya folo koloko, mukachedwa ndikusiyani."

"Tiyeni tonse tikakhale pansi, Mayi Zenzi," anatero a Quirin. Kwa iwo amenewo anali mawu ambiri.

"Pansi pati? Malo ndasiya chifukwa cha inu. Ndikukaona ngati mowa wanga ukadalipo, ndinaphimba ndi buledi."

Tonse atatu tinkadziwa kuti ku Wiesn kapu yosiyidwa sikhala mphindi ziwiri. Koma anatembenuka n'kulowa m'chikhamu. Kwa zaka zitatu iwo ndi amene ankaima kumbuyo kwanga, ndipo ndinali ndisanawaonepo bwino kumsana. Anali aang'ono kuposa mmene ndinkaganizira, tsitsi litamasuka mbali imene anazula chipini, manja awiri atagwirana kumbuyo opanda chogwira. Ndinaganiza za khitchini yathu, makapu awiri pa mbedza, ndi nyumba ya a Quirin tsidya la mtsinje, ndipo chimwemwe changa chinalemera.

"Alamu!" ndinaitana, ndipo ulendo uno mawu anatuluka ndithu, mpaka anthu anatembenuka.

Koma a Zenzi, amene amamva kunong'ona kuseri kwa mpanda, sanamve.